Parishi yathu ikulowera kuti?

Misa ikangotha, kwaya ikupuma ndipo ana akuyang'ana kale pakhomo, pamabwera nthawi imene mkhristu aliyense amaidziwa: nthawi ya zolengeza.

Mlembi amaima kutsogolo ndi kope lake n'kuyamba kuwerenga. Mphakati wakuti wamaliza ndalama za chitukuko, mphakati wakuti udakali m'mbuyo, pepa sande idzakhala tsiku lakuti, ndipo amene sadapereke mtulo akaonane ndi atcheya. Anthu amagwedeza mitu, ena amaseka, kenako aliyense wa kwawo. Amene ali ndi geni amathamangira kumsika kuti makasitomala asawaphonye.

Palibe amene angatsutse kuti mpingo umafuna ndalama. Galimoto ya bambo mfumu imamwa mafuta, denga likadontha limafuna malata, ndipo katekisiti naye ali ndi ana ofuna kudya. Koma pali funso limodzi limene silimveka kawirikawiri pa zolengeza: kodi parishi yathuyi ikulowera kuti, nanga adatifunsapo liti ife akhristu wamba?

Aliyense akunena zoona

Tangoganizani msonkhano wa khonsolo ya parishi ya pamalo a malonda. Akuluakulu ena akufuna tchalitchi chatsopano chifukwa chakalecho chachepa, moti anthu amamvera Misa pawindo. Ena akuti tiyambe tamanga mashopu a lendi m'mphepete mwa msewu kuti parishi izipeza kangachepe mwezi ndi mwezi. Amayi akuti odwala ndi okalamba a m'midzi akufa osayenderedwa. Achinyamata, ngati apatsidwa mpata n'komwe, akuti anzawo atha kupita kumipingo ina ndipo palibe amene akufunsa chifukwa chake.

Onsewa akunena zoona, koma thumba ndi limodzi. Nthawi zambiri amene amapambana ndi wa mawu okweza, kapena amene amapereka kwambiri pa pepa sande. Ena onse amangoti "chabwino", koma mumtima atatsalira. Pakutha pa zaka zingapo mumapeza maziko a nyumba atamera udzu, anthu atatopa ndi kusonkha, ndipo komiti ikulozana zala.

Zotere sizichitika ku Katolika kokha. A CCAP ndi milaga yawo, a Anglican, a Seventh Day ndi ena onse amakumana nazo. Koma mpingo wa Katolika m'dziko muno uli ndi mbiri yapadera pankhaniyi, chifukwa funso lomweli lidafunsidwapo zaka makumi asanu zapitazo, ndipo yankho lake lidasintha moyo wa maparishi mpaka lero.

Kumene miphakati idachokera

M'chaka cha 1972, Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua m'boma la Dedza, adakhala episkopi wa dayosizi ya Lilongwe. Mpingo umene adaupeza udali wodalira kwambiri amishonale ochokera kunja. Iwowa ndiwo ankamanga matchalitchi, sukulu ndi zipatala, ndiwonso ankafuna ndalama zake kwawo. Mkhristu wamba ntchito yake idali kubwera Lamulungu, kulandira masakramenti n'kubwerera kwawo.

M'malo mongolamula zochita ali muofesi, episkopiyu adaitanitsa sinodi ya dayosizi yonse imene idayenda kuyambira 1973 mpaka 1975. Zokambirana zidayambira m'midzi ndi m'nthambi, kukwera kumaparishi, mpaka kudayosizi. Mfundo yaikulu imene idatuluka idali yakuti mpingo ukhale wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira wokha, ndipo kuti zimenezi zitheke akhristu oyandikana nyumba azikumana m'timagulu ting'onoting'ono. Timaguluti ndito timatchedwa miphakati, ndipo m'madera ena, makamaka kummwera, amati limana.

Nthawi yomweyo maepiskopi a maiko a kuvuma kwa Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, ankakambirananso zomwezi. Pamsonkhano wawo wa ku Nairobi mu 1976 adagwirizana kuti kumanga miphakati kukhale ntchito yoyambirira ya mpingo m'maiko awo onse, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia.

Koma zinthu sizidayende mofewa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo boma silinkakondwa kuona anthu akusonkhana m'makomo kukambirana za moyo wawo popanda wachipani. Miphakati idayamba kukayikiridwa kuti ndi ndale zobisika. Zinthu zidafika povuta moti Ambuye Kalilombe adachoka m'dziko muno, ndipo mu 1979 adatula pansi udindo wawo. Adakakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Birmingham m'dziko la Britain asadabwerere kumudzi, komwe adamwalira mu 2012.

Episkopiyo adachoka, koma miphakati idatsala. Ndiyo imayendera odwala, kuyendetsa maliro, kuchitira umboni ofuna ubatizo ndi ukwati, ndi kuyanjanitsa mabanja amene akukangana. Sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya 1994 itafotokoza mpingo ngati banja la Mulungu, Amalawi ambiri adali atalawa kale tanthauzo lake pakhonde la mnansi wawo.

Zasintha n'zambiri

Komabe Malawi wa 1975 si wa lero. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti dziko lino lidali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 17 adali a Katolika pamene 14 adali a CCAP. Kalembera yemweyo adapeza kuti anthu oposa theka adali osakwana zaka 18. Tsono yang'anani amene amakhala pampando wa khonsolo ya parishi yanu, muwerenge kuti osakwana zaka 30 alipo angati.

Pamalo a malonda mavuto ake ndi enanso. Anthu ambiri ndi obwera: aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi ochita geni amene chaka chino ali pano, chaka chamawa asamuka. Ambiri amakhala m'nyumba za lendi ndipo amachita manyazi kulandira mphakati m'kachipinda kamodzi. Abambo amati nthawi ya mphakati ndi nthawi ya malonda, choncho pamkeka pamadzaza amayi okhaokha. Anyamata ena adatsikira ku Joni. Ndipo pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi kalasi imene Lamulungu imasanduka tchalitchi cha mpingo watsopano, kumene munthu wovutika amapemphereredwa pomutchula dzina.

Chuma nachonso chathina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya simenti, malata ndi feteleza idakwera, ndipo maparishi a kummwera adali asadachire mabala a namondwe wa Freddy wa mu March chaka chomwecho.

Pamene zinthu zathina chonchi, chiyeso chachikulu n'chakuti mphakati usanduke ofesi yotolera ndalama basi. Anthu amakumana, kupemphera mothamanga, kenako msungichuma n'kutulutsa kope. Wosauka akalephera kusonkha kawiri katatu amayamba kujomba, ndipo tsiku la maliro ake ndi pamene anthu amakumbukira kuti adali mnzawo, mwinanso n'kuyamba kufufuza ngati khadi lake la mtulo lili bwino. Ngati zafika apa, ndiye kuti chida chimene chidapangidwa kuti mkhristu wamba amveke chayamba kumutseka pakamwa.

Ku Rome nakonso adakhala pansi

Funso la kumene mpingo ukulowera lidafikanso ku Rome. Mu October 2021 Papa Francis adatsegulira sinodi ya mpingo wonse yokambirana za kuyendera limodzi. Monga zidachitikira ku Lilongwe kale lija, zokambirana zidayambira pansi, m'maparishi ndi m'madayosizi. Nthumwi za mu Africa zidakumana ku Addis Ababa mu March 2023, ndipo misonkhano ikuluikulu iwiri idachitikira ku Rome mu October 2023 ndi October 2024.

Kwa nthawi yoyamba pa sinodi yotere, akhristu wamba, amayi omwe, adaloledwa kuponya voti limodzi ndi maepiskopi. Adakhala mozungulira matebulo, kadinala pambali pa sisitere, episkopi pambali pa wachinyamata.

Chikalata chomaliza cha sinodiyo chidapempha kuti makhonsolo a m'maparishi akhale okhazikika ndi ogwiradi ntchito, komanso kuti atsogoleri azipereka malipoti a chuma ndi a ntchito zawo kwa akhristu chaka ndi chaka. Papa Francis adamwalira mu April 2025, koma Papa Leo XIV wapitiriza ndondomeko yoti mfundozi ziyesedwe m'madayosizi, mpaka msonkhano wina waukulu umene udakonzedwa kuti udzachitike mu October 2028.

Kumvetsera kuli ndi njira yake

Chimene parishi iliyonse ingatengere ku sinodiyo popanda kulipira ngakhale tambala ndi kakambidwe kake. Anthu amagawidwa m'magulu ang'onoang'ono ndipo funso limaperekedwa nthawi isadakwane kuti aliyense alipempherere.

Ulendo woyamba, aliyense amalankhula kwa mphindi zochepa, zofanana kwa onse, popanda womudula kapena kumuyankha. Kenako onse amakhala chete. Ulendo wachiwiri, munthu sabwereza maganizo ake, koma amanena chimene chamukhudza pa zimene anzake alankhula. Amakhalanso chete. Ulendo wachitatu ndi pamene gulu limaunika pomwe lagwirizana, pomwe lasiyana, ndi chimene likuona kuti Mulungu akuliitanira.

Zikuoneka zapafupi, koma yesani muone. Bambo wozolowera kulankhula theka la ola amavutika kudikira, ndipo mayi amene sadayankhulepo pagulu amatha kutulutsa mfundo imene komiti yonse sidaiganizepo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njirayi si yachilendo m'Baibulo. M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6, muli nkhani ya dandaulo lakuti amayi amasiye a gulu lina ankasalidwa pogawa chakudya. Atumwi sadakane kuti vuto lilipo, komanso sadalithetse paokha. Adaitana gulu lonse la okhulupirira, ndipo gululo lidasankha anthu asanu ndi awiri oti ayendetse ntchitoyo. Utumiki watsopano udabadwa kuchokera m'dandaulo la anthu onyozeka.

Izi sizikutanthauza kuti mpingo wasanduka nyumba ya malamulo. Malamulo a mpingo wa Katolika a 1983 amati khonsolo ya parishi ndi yolangiza, ndipo mawu omaliza amakhala a bambo mfumu pansi pa episkopi. Koma malamulo omwewo amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma momwe muli akhristu wamba. Mtsogoleri wanzeru amadziwa kuti mfundo imene anthu adaikambirana amaisenza okha, pamene yongowagwera kuchokera kumwamba imafuna chikwapu. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso oyamba ndi ati?

Parishi imene ikufuna kudziwa kolowera isayambe ndi funso lakuti timange chiyani. Iyambe yafunsa kuti ndani amene tinkakhala naye koma pano sakuoneka, ndipo adachokeranji. Ifunse kuti ndi nthambi iti imene imatha miyezi osaona wansembe, nanga katekisiti wa kumeneko akuthandizidwa bwanji. Ifunse ngati mabanja amene sadadalitse ukwati wawo amaona mphakati ngati kwawo kapena ngati bwalo la milandu. Ifunsenso kuti mwana amene walimbikitsidwa chaka chino adzakhala akupezekabe m'tchalitchi zaka zisanu zikubwerazi.

Mayankho a mafunsowa sapezeka kunyumba ya ansembe. Ali kuchigayo, kudepoti ya minibasi, pamalo okwerera kabaza ndi m'makomo a anthu amene adasiya kubwera. Pamafunika anthu awiriawiri oti apite kukamva, opanda kope la ngongole m'manja.

Pambuyo pake parishi isankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti ichite m'zaka zingapo, izilembe poyera, ndipo chaka chilichonse ibwerere kwa akhristu kukanena pamene yafika ndi mmene ndalama zayendera. Mwina tchalitchi chatsopano chidzakhaladi pamndandandawo. Mwinanso anthu adzaona kuti kuonjezera Misa ina m'mawa n'kokwanira pakadali pano, ndipo ndalamazo zikonze njinga za makatekisiti. Chachikulu n'chakuti adzakhala atasankha okha, atamvana.

Ziyambire kunyumba

Kumvetserana kumeneku sikungayambire kutchalitchi ngati kunyumba kulibe. Kholo limene mwana wake wayamba kupita kumpingo wina lingathe kukalipa, koma lingathenso kumukhazika pansi n'kumufunsa chimene akukapeza kumeneko. Yankho lake likhoza kukhala lowawa, koma ndi lomwelo limene khonsolo ya parishi ikufunika kulimva.

Abambo nawonso aganizepo. Ola limodzi pasabata silingagwetse geni, ndipo mphakati wopanda abambo ndi achinyamata umayenda ndi mwendo umodzi.

Makolo athu a m'ma 1970 adakhala pansi nthawi imene kusonkhana kokha kudali koopsa, ndipo adatisiyira miphakati. Ife tili ndi ufulu wosonkhana paliponse. Mphakati ukakumana sabata ino, msungichuma asadatsegule kope lake, wina adzuke n'kufunsa mwaulemu: abale, kodi ndani amene sitikumuona pakati pathu masiku ano, ndipo apite ndani kukamuona?