Lamulo la Nsapato Pakhomo la Hotela Lilembedwe Poyera

Mwamuna wofuna kukadya chakudya chamadzulo pamalo apamwamba ku Kitwe kapena ku Ndola sasowa kopita. Ku Ndola kuli Savoy Hotel yakalekale ija, Mukuba Hotel ya pafupi ndi bwalo la chionetsero cha zamalonda, ndi Protea Hotel. Ku Kitwe kuli Edinburgh Hotel, Garden Court ndi bwalo la gofu la ku Nkana, ndipo wofuna kamphepo ka kutchire amalowera ku Nsobe, kunja kwa Ndola. Kuno kulibe nyanja ngati ya ku Mangochi kapena ku Siavonga, koma funso limene limavutitsa alendo kumahotela a m'mbali mwa nyanja limafikanso kuno: kodi dzuwa likalowa, munthu alowe m'chipinda chodyeramo atavala chiyani kuphazi? Pamalo ambiri otere chizolowezi chake n'chimodzi. Masana vala kabudula ndi patapata pamene ukusambira kapena kuwothera dzuwa, koma madzulo ubwere ndi buluku lalitali, malaya a kolala ndi nsapato zotseka zala. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi n'chabwino ndipo sichiyenera kutayidwa, bola chikhale cholembedwa poyera, chikhale chaching'ono, ndipo chigwire aliyense mofanana. Chikasowa chimodzi mwa zitatuzi chimasanduka chida chonyozera anthu.

Tiyambe ndi nsapatoyo, chifukwa ambiri amaganiza kuti akufunsidwa zazikulu. Pachikwangwani kawirikawiri amalemba mawu akuti smart casual, ndipo zimene mawuwa amafuna kuphazi n'zochepa: nsapato yachikopa yazingwe kapena yongolowetsa phazi, yakuda kapena yofiirira, yopukutidwa, chidendene chake chosadyeka mbali imodzi, ndi sokosi yofika pamwamba pa kakolo kuti munthu akakhala pansi msongolo usaonekere. Nsapato zofewa za Safari zimene kampani ya Bata yakhala ikugulitsa kwa zaka zambiri zimakwanira bwino lomwe ngati zatsukidwa ndi burashi. Zimene sizilowa ndi patapata, masilipasi a kubafa, nkhwaira, ndi nsapato zimene munthu wangochokera nazo kothamanga. Chifukwa chake sichovuta kumva. Kuyambira Novembala mpaka Epulo misewu ya kumigodi imakhala matope, miyezi inayo fumbi, ndipo phazi losavundikira limanyamula zonsezi n'kukazitula pansi pa tebulo pomwe anthu ena akudya. M'chipinda chodyeramo mumaswekanso matambula, mumadutsa mbale za msuzi wotentha.

Komabe ukhondo si chifukwa chachikulu. Chachikulu n'chakuti chakudya cha pamalo otere munthu sadya yekha. Patebulo lina pali banja limene lasunga ndalama miyezi ingapo kuti likondwerere zaka za ukwati wawo, lina pali mnyamata amene wabwera ndi chibwenzi kudzatula mawu, lina pali amalonda amene abwera ku chionetsero cha ku Ndola. Onsewa alipira nyama ndi mpunga, inde, koma alipiranso maonekedwe a malowo, ndipo maonekedwewo amapangidwa ndi alendo eniake kuposa makatani ndi nyali. Apa ndi pamene ganizo lakuti "ndalama ndi zanga, ndivala zimene ndikufuna" limaperewera. Ndalama zako zagula mbale yako, sizinagule usiku wa anzako. Amene amanena mawu amenewa sapita kuukwati kapena kuchinkhoswe atavala zogonera, ngakhale palibe mlonda womubweza, chifukwa amadziwa kuti kavalidwe ndi njira youzira eni mwambo kuti wawalemekeza.

Ena amati zonsezi ndi zotsalira za atsamunda, zotengera azungu basi. Mbiri ya kumigodi imasonyeza kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo. Godfrey Wilson, amene anafufuza moyo wa antchito ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1941 ndi 1942, anaona kuti gawo lalikulu la malipiro a anthuwo linkathera pa zovala, ndipo kutchena inali njira yawo yonenera kuti iwonso ndi anthu oyenera ulemu m'tauni imene inkawaona ngati manja ogwira ntchito chabe. Mu 1956 J. Clyde Mitchell analemba za gule wa kalela amene ankavinidwa Lamlungu masana ku Luanshya. Ovinawo anali anyamata a Chibisa, ambiri ogwira ntchito wamba, koma ankatulukira pabwalo ndi mabuluku otuwa ositidwa bwino ndi nsapato za mitundu iwiri, ena atagwira kampango koyera m'manja. Pagululo panali mtsikana wovala ngati namwino, amene ntchito yake inali kuzungulira ndi kalilole ndi kansalu kuti wovina aliyense adziyang'ane, apukute thukuta, asaoneke wosasamala. Wodziwa malipenga a ku Nkhata Bay kapena mganda wa kwathu, ndi masokosi ake oyera ndi nsapato zonyezimira, sangadabwe nazo. Palibe mzungu amene ankawaumiriza anyamatawo. Zovalazo zinachokera kunja, koma chidwi chosamala maonekedwe pamaso pa anthu chinali chawochawo, ndipo mpaka lero anthu a ku Kopala, ndiko kuti ku Copperbelt, amadziwika nacho.

Koma wotsutsayo ali ndi mfundo ina yolemera, imene siyenera kupeputsidwa. M'matauni omwewa, nthawi ya Northern Rhodesia, munthu wakuda ankagula nyama ndi katundu kudzera pakawindo ka kumbali kwa sitolo, pamene mzungu ankalowa pakhomo. Ankakanizidwa kulowa m'nyumba zomwera tiyi, m'mahotela ndi m'makanema, kaya wavala suti yokongola bwanji. Chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala masitolo otere m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi osangalalira linadza mu 1960, zaka zinayi zokha ufulu wa 1964 usanafike. Choncho khomo la hotela pa Copperbelt lili ndi mbiri yowawa, ndipo mkulu amene anaona masiku amenewo ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira akaona mnyamata wa yunifolomu akumuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu asanamulole kulowa. Funso n'lakuti chimasiyanitsa lamulo la kavalidwe ndi tsankho lija n'chiyani. Yankho lake n'lakuti tsankho linkafuna chinthu chimene munthu sangachisinthe, pamene lamulo labwino la kavalidwe limafuna chinthu chimene aliyense angachite asananyamuke kunyumba. Koma kuti achite, ayenera kudziwiratu.

N'chifukwa chake kulemba poyera ndiye mtima wa nkhaniyi. Chikwangwani chongonena kuti eni malo ali ndi ufulu wokaniza aliyense kulowa, osatchula chimene akufuna, chimasiya chiweruzo chonse m'maso mwa mlonda wa pageti. Mlondayo ndi munthu wolandira malipiro ochepa, woopa kuchotsedwa ntchito, ndipo posowa lamulo lomveka amaweruza ndi zimene akuona: mtundu wa galimoto, khungu, chilankhulo. Zikatero mlendo wochokera kunja amadutsa ndi kabudula ndi nsapato zoonetsa zala popanda womufunsa, pamene mphunzitsi wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu amene watsika minibasi akuuzidwa kuti nsapato zake sizoyenera. Lamulo lolembedwa limateteza onse awiri, mlendo ndi mlonda yemwe. Mlendo amatha kuloza chikwangwani n'kunena kuti zimene zalembedwa ndavala. Mlonda naye amapeza poimira pamene bwana wa galimoto yaikulu wabwera ndi masilipasi n'kuyamba kumuopseza. Ngati hotela siingathe kubweza munthu wachuma kapena mzungu wophwanya lamulolo, ndi bwino ingolichotsa.

Lamulolo likhalenso laling'ono, lolingana ndi dziko lino. Mu Okutobala kutentha kwa ku Ndola ndi Kitwe kumadutsa madigiri 30, ndipo kuumiriza jekete ndi tayi nthawi imeneyo ndi kuzunza alendo popanda phindu. Zambia ili kale ndi yankho lake. Kenneth Kaunda, amene analamulira kuyambira 1964 mpaka 1991, anaimira dziko lake pamaso pa mafumu ndi atsogoleri a mayiko atavala suti ya manja aafupi yopanda tayi, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Malaya a chitenje osokedwa bwino ndi chovala chaulemu chokwanira, monganso malaya amene Nelson Mandela ankavala. Mlendo wa ku West Africa kapena Msilamu wovala mkanjo ndi nsapato zachikopa zoonetsa zala wavala mokwanira malinga ndi mwambo wake, ndipo lamulo lanzeru liyenera kutchula zimenezi. Liyeneranso kusiya mpata kwa wodwala shuga kapena wotupa mapazi amene sangavale nsapato yotseka. Tisaiwale kuti malamulo a zovala akakula amafika poipa. Tsidya la malire, ku Zaire, Mobutu analetsa suti ndi tayi kumayambiriro a m'ma 1970 n'kulamula amuna kuvala abacost. Ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi mpaka 1993. Amenewo anali maboma olowerera thupi la nzika kulikonse kumene ili. Hotela ikungopempha maola awiri kapena atatu a madzulo, m'chipinda chimodzi, kwa munthu amene wasankha yekha kubwera, ndipo isapitirire pamenepo.

Nanga osauka, lamuloli silikuwatsekera kunja? Chimene chimatsekera wosauka kunja ndi mtengo wa chakudyacho, osati nsapato. Chiyambireni kutsegulidwa kwa malonda pambuyo pa 1991, salaula, imene ku Malawi timati kaunjika, yadzaza misika, mwakuti Karen Tranberg Hansen anailembera buku lathunthu mu 2000. Salaulayo inathandiza kugwetsa mafakitale a zovala, ndipo Ndola anamva kuwawa kwake, koma inaikanso nsapato yachikopa m'manja mwa munthu wamba. Pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola munthu amasankha peyala yabwino pamulu, n'kupita nayo kwa wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo. Uyo amamata soli yatsopano, amasoka m'mbali ndi ulusi wopaka phula, amathira polishi n'kupukuta ndi kansalu mpaka chikopa chiwale, ndipo palibe woperekera zakudya amene angadziwe kuti inachokera m'belo. Lamulo lofuna nsapato yoyera ndi yotseka limafunsa kusamala, silifunsa mtengo. Ndipo mtengo paokha subweretsa ulemu. Frederick Chiluba, mwana wa kumigodi amene anagwira ntchito ku Atlas Copco ku Ndola asanatsogolere mabungwe a antchito ndi dziko, ankadziwika ndi masuti ndi nsapato za zidendene zazitali zosokedwera iye yekha. Mu 2007 khoti la ku London, pamlandu umene boma la Zambia linamusumira, linamva za ndalama zoposa madola 500,000 zimene zinapita ku sitolo imodzi ya zovala ku Geneva. Khoti la ku Lusaka linamupeza wosalakwa pamlandu wakuba mu 2009, komabe nsapato zija zinatsala m'maganizo a anthu ngati chizindikiro cha kusakaza osati cha kutchena.

Pali milandu iwiri yovutirapo imene hotela za kuno sizingaithawe. Woyamba ndi jombo za kumgodi. Injiniya kapena kontirakitala amene watuluka ku mgodi wa Mopani madzulo ndi jombo za chitsulo kumphuno ndi ovolosi ya mizere yowala ndiye kasitomala amene amadyetsa mahotela ambiri a ku Kitwe, ndipo kumubweza kumaoneka ngati kunyoza ntchito imene inamanga tauniyo. Ine ndikuona kuti masana alandiridwe momwe alili, pakuti ndi nthawi ya ntchito, koma madzulo m'chipinda chachikulu asinthe monga wina aliyense. Migodi ili ndi nyumba zosinthiramo zovala, ndipo ogwira ntchito pansi akhala akusamba n'kuvala zoyera asanalowe m'tauni kuyambira kale. Wachiwiri ndi nsapato zamasewera zimene achinyamata amavala potchena, zina zodula kuposa zachikopa. Apa akuluakulu ayenera kuvomera kuti nthawi yasintha. Nsapato yotere ikakhala yoyera, ya mtundu umodzi, yovalidwa ndi buluku lalitali, yakwaniritsa zonse zimene lamulo likufuna, ndipo kuikana n'kukonda zakale chabe.

Zotsalazo n'zosavuta kuchita. Hotela ilembe mizere itatu kapena inayi, m'Chingerezi ndi m'Chibemba, pageti, pa tsamba lake la Facebook ndi mu uthenga wotsimikizira kuti tebulo lasungidwa, itchule ola limene lamulo liyambira ndi zovala zenizeni zimene sizilowa. Ikhale ndi malo ena, pakhonde kapena pafupi ndi dziwe losambira, pomwe wobwera ndi patapata angadye chakudya chomwecho pamtengo womwewo, kuti asabwerere ndi njala ndi manyazi pamaso pa amene wabwera nawo. Wouza mlendo za lamulolo akhale woyang'anira chipinda chodyeramo, amutengere pambali n'kulankhula motsitsa mawu, osati mlonda wokuwa pageti. Mlendo naye, makamaka amene akupita kukagona ku Nsobe, ku Samfya kapena ku Livingstone, aike m'chikwama buluku limodzi lalitali, malaya a kolala ndi peyala imodzi ya nsapato zotseka, ndipo ngati ndi malo achilendo aimbe foni masana kufunsa kuti madzulo amalandira zotani.