Azakhali aleka kuthamangira mabasi

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Chipata amadziwa kuti pa Nyimba sipadutsika popanda nthochi. Basi isanaime n'komwe, madengu afika kale pamawindo. Kwa zaka zambiri limodzi mwa madenguwo linali la azakhali anga, ndipo phindu la tsikulo linkadalira miyendo. Wochedwa kufika pawindo ankabwerera nazo nthochi zake kuti zikadere kunyumba. Mpamba unkachokera kwa bambo wina wa kaloba, amene chiwongoladzanja chake chinkakula ngati udzu wa mu Januwale. Mwana woyamba wa azakhaliwo anali atamaliza giredi 12, koma ntchito yake inali kuwerenga malole odutsa mumsewu wa Great East.

Mu Okutobala 2021, nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane inalengeza kuti ndalama za chitukuko cha m'madera, zotchedwa CDF, zikwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Azakhali anamva pawailesi, anangoti "za ku Lusaka izo", napitiriza kusanja nthochi. Chaka chotsatira komiti ya chitukuko ya m'wadi mwawo inaitanitsa msonkhano pasukulu. Iwo anapita chifukwa anamva kuti kukakhala zakumwa. Zakumwazo kunalibe. Kunali nkhani yoti gawo lina la ndalamazo ndi la magulu a amayi ndi achinyamata, lina n'lolipirira ana sukulu zogonera konko ndi maphunziro a ntchito zamanja.

Azakhali anaimirira. "Akansala, kodi ndalamazi ndi mphatso ya aphungu kapena n'zathu?"

"Ndi zanu, amayi. Ndi misonkho yanu yomwe."

"Ndiye tipatseni mafomu!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti, koma mafomu anatuluka. Amayi a chilimba chawo, omwe ankasonkherana ndalama za mchere ndi sopo, analembetsa kilabu, anasonkhanitsa maregi, natsegula akaunti ku banki. Kenako kudikira. Ndalama za boma sizithamanga, ndipo kuli makilabu ena amene zitangofika anagawana n'kubalalika tsiku lomwelo. Koma azakhali ndi anzawo anagula makina opera chiponde.

Pitani mukawaone lero! Nshawa amakagula kwa alimi a ku Petauke, amakazinga, amapera, amathira m'mabotolo. Chiponde sichida pakutha pa masiku atatu, ndiye palibenso chogulitsa motaya dzuwa likamalowa. Azakhali ali ndi kantemba kopaka utoto wobiriwira, ndipo amakhala pampando, ndithu pampando, makondakitala n'kumatsika okha kudzagula. Amene alibe ndalama m'thumba amalipira pafoni. Nthochi sanazisiye, munthu wa pa Nyimba sangatero, koma tsopano zimangokongoletsa thebulo.

Mnyamata wowerenga malole uja CDF yomweyo inamulipirira maphunziro owotcherera zitsulo. Mwayi wake unali wakuti sukulu yaulere itayamba mu 2022, ana anadzaza m'makalasi, ambiri n'kumakhala pansi, ndipo makhonsolo anayamba kugula madesiki kwa amisiri a m'madera momwemo. Panopa ali ku boma la Petauke, amawotcherera miyendo ya madesiki ndi mafelemu a mawindo, ndipo walemba ntchito mnzake. Akabwera kudzacheza amavala nsapato zosongoka zimene ine sindingayerekeze.

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo amayiwo ankadzuka pakati pa usiku kukapera akangoyaka. Anadandaula, inde, koma modzitama, monga amadandaulira anthu okhala ndi makina. Tsopano akusunga ndalama za sola.

Sabata yatha ndinapempha botolo limodzi pangongole. Azakhali anatsegula buku la kilabu, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo atsopano, nati: "Mwanawe, muno mulibe tsamba la achibale. Foni uli nayo, tumiza."