Kusankha Matayala a Njinga Yamoto Oyenera Matope ndi Mchenga wa ku Mangochi

Mau oyamba

Malume anga amachita kabaza wa njinga yamoto kutsidya kwa mtsinje wa Shire, pakati pa Malindi ndi Lungwena. Tsiku lina m'mwezi wa February ananyamula mayi wodwala kuchokera kumudzi wina wa kumtunda kupita naye kuchipatala. Atafika padambo, njinga inaterereka ndipo onse awiri anagwera m'matope. Mwamwayi palibe amene anavulala, koma anafika kuchipatala dzuwa litapendeka chifukwa malume anachita kukankha njingayo mtunda wautali. Injini inali bwinobwino, mabuleki analinso bwino. Cholakwika chinali tayala lakumbuyo limene analigula chifukwa chotsika mtengo, osadziwa kuti linapangidwira msewu wa tala. M'chimangirizo chino ndifotokoza zimene munthu ayenera kuyang'ana posankha matayala oyendera m'matope, mumchenga ndi m'tinjira ta kumidzi.

Kudziwa nthaka ya kumene mumayenda

Boma la Mangochi lili ndi nthaka zosiyanasiyana. M'mbali mwa nyanja, monga ku Makawa, Monkey Bay ndi Chembe, muli mchenga umene mawilo amatitimiramo. M'madambo ozungulira nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire muli makande, dothi lakuda limene limauma gwa m'chilimwe koma limamata ngati ulimbo m'dzinja. Kukwera ku Chowe polowera ku Namwera ndi Katuli kuli miyala ndi dothi lofiira loterera. Nawo msewu wa ku Makanjira wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka zambiri mvula ikayamba. Palibe tayala limodzi limene lingachite bwino m'malo onsewa. Choncho musanapite kusitolo, dzifunseni kuti malo ovuta kwambiri amene mumadutsamo kawirikawiri ndi otani.

Mano a tayala

Timabuthu ndi mizere ya pamwamba pa tayala, zimene pano ndizitchula kuti mano, ndizo zimagwira nthaka. Tayala la m'matope limakhala ndi mano ataliatali komanso otalikirana. Mipata ya pakati pa manowo imathandiza kuti wilo likamazungulira matope azithothoka, ndipo manowo azilumanso pansi. Mano akakhala othinana, makande amatseka mipata yonse, tayala nkusanduka losalala ngati mphika. Izi ndi zimene zinawachitikira malume.

Komabe mano ataliwo ali ndi kuipa kwake. Pa tala ndi nsonga zake zokha zimene zimakhudza pansi, choncho njinga imachedwa kuima mukamanga mabuleki, makamaka msewu ukanyowa. Amathanso msanga, amachita phokoso ndiponso amadyetsa mafuta ambiri. Munthu amene amatsika m'makona a ku Chowe tsiku ndi tsiku, kapena amene amangoyenda pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, sangapindule nawo. Kwa iye amene amasakaniza tala ndi fumbi, pali matayala apakatikati okhala ndi mano oyandikirana pakati koma otalikirana m'mbali. Muonetsetsenso kuti pakati pa tayala ndi madigadi pali mpata wokwanira, popeza makande akadzaza pamenepo wilo limakana kuzungulira.

Kukula kwa tayala nakonso kuli ndi gawo lake. M'matope osazama, tayala lopyapyala limacheka mpaka kupeza dothi lolimba la pansi. Mumchenga zimasiyana, chifukwa lotambalala ndilo limayandama pamwamba osatitimira.

Kuwerenga zolembedwa pa tayala

M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa manambala amene ogula ambiri sawalabadira. Mukaona 3.00-18, ndiye kuti tayalalo n'lotambalala mainchesi 3 ndipo limalowa pa limu ya mainchesi 18. Njinga zambiri za kabaza zili ndi malimu a mainchesi 17 kapena 18, pamene Yamaha DT, imene alangizi a zaulimi ndi azaumoyo akhala akuyendera m'midzi, ili ndi wilo la mainchesi 21 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Wilo lalikululo limakwera mizu ndi mayenje mosavuta. Njinga za mawilo anayi, zimene alimi a ku South Africa ndi ku America amayendera m'minda, zimalembedwa mosiyana: 25x8-12 ndiye kuti kutalika 25, kutambalala 8, limu 12.

Zilembo monga 4PR, 6PR kapena 8PR zimasonyeza kulimba kwa thupi la tayala. Wonyamula madengu a usipa kapena woyenda m'tinjira ta minga ya nsangu ndi mthethe afunika 6PR kapena kuposera apo, ngakhale kuti tayala lotere limalemera ndiponso limagwedeza wokwera. Palinso manambala anayi osonyeza nthawi imene tayala linapangidwa. Mwachitsanzo, 2322 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Izi n'zofunika kwa ogula matayala a kaunjika, chifukwa labala imauma ndi kung'aluka ikakalamba ngakhale mano akuoneka atsopano. Chomaliza ndi kamuvi kosonyeza mbali imene wilo liyenera kuzungulira. Mukalimanga chozondoka, mano amakokera matope mkati m'malo mowataya.

Mpweya

Chiyambire pamene John Boyd Dunlop anaika matayala opopa pa kanjinga ka mwana wake ku Belfast, chimene chimanyamula katundu ndi mpweya, osati labala. Njinga zamoto zing'onozing'ono kawirikawiri zimafuna mpweya wa pakati pa 25 ndi 33 psi, pamene za mawilo anayi zimayenda ndi pafupifupi 5 psi. Mlingo weniweni umalembedwa m'kabuku ka njinga, ndipo uyenera kuyezedwa m'mawa tayala lisanatenthe, popeza dzuwa la ku Mangochi limakweza mpweya. Mumchenga, kuphwetsa pang'ono kumathandiza kuti gawo lalikulu la tayala likhudze pansi. Koma mukaphwetsa kwambiri, limu imatsina chubu mukagunda mwala, kapena tayala limazungulira pa limu nkudula valavu. Mukabwerera pa tala, popaninso.

Mau omaliza

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula imene imatipatsa chimanga ndi mpunga ndi yomweyo imene imaononga njira zathu, ndipo wa kabaza sangaimike njinga kuchokera December mpaka April kudikira kuti kuume. Malume tsopano ali ndi matayala akumbuyo awiri. La mano aatali amalimanga mvula yoyamba ikagwa, ndipo amalichotsa anthu akayamba kukolola. Poyamba ndalama zake zinawapweteka, koma tayala lililonse limakhalitsa chifukwa limagwira ntchito m'nyengo yake, ndipo odwala a kumtunda kuja amawaitanabe ngakhale mvula itagwa usiku wonse.