Amaimba ABC, koma "mame" amukanika

Makolo ambiri kuno ku Mitundu amanyadira mwana akabwera kusukulu ya mkombaphala akuimba ei, bi, si mpaka kumapeto. Agogo amaomba m'manja, ati ameneyu ndi dotolo wa mawa. Koma tamulemberani pansi mawu oti "mame". Angokuyang'anani, kapena anena kuti "emu, ei, emu, ii", mame osatulukapo. Nyimbo ija yamupatsa mayina a malembo, achingerezi pomwepo, pamene kuwerenga kumafuna maliwu. Lembo lija dzina lake ndi emu, koma ntchito yake ndi mmm, milomo ili chitsekere. Mukaitsekula ndi a, mwapeza ma.

Ndaphunzitsa Sitandade 1 kwa nthawi yaitali m'sukulu za pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ndipo ndimati Chichewa chathu sichizunza mwana. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Mu Chingerezi, a wa mu cat, cake ndi call ndi maliwu atatu osiyana. Kwathu kuno mwana akagwira asanuwo pamodzi ndi m, n, t ndi k, wayamba kale kuwerenga yekha moto, mano, kana, tenti, ngakhale sanawaonepo.

Ife a m'badwo wa buku la Sosa tinkakuwa maphatikizo mpaka kusasa mawu, ndipo ambiri tinawerenga. Zinthu zinasokonekera pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana atachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, aphunzitsi ambiri n'kulowa m'kalasi asanasulidwe mokwanira. Pa kafukufuku wa mu 2010, ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 analephera kuwerenga ngakhale mawu amodzi m'kankhani ka Chichewa. N'chifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi USAID, unayambitsa National Reading Programme, mabuku ake n'kukonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi.

Phunziro la masiku ano limayambira kukhutu, choko chisanakhudze bolodi. Ndimatchula mawu, ana n'kuloza chala chachikulu m'mwamba ngati akuyamba ndi mmm. Moto, zala m'mwamba. Nyumba, zala pansi. Kenako ndiye ndimaonetsa lembo, ana n'kulilemba m'malere, pamsana pa mnzawo, ndi pamchenga panja. Makadi a malembo timadula ku makatoni otola pamsika wa Mitundu. Apa mphunzitsi asamale pakamwa pake: akati "mu" m'malo mwa mmm, mwana akaphatikiza ndi a apeza "mwa", ndipo mlandu si wa mwanayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kwaya. M'kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi, khumi a kutsogolo amayankha, enawo amangotsatira m'kuthwanima kwa diso, moti mlangizi wa sukulu za pulayimale (PEA) atadutsa pawindo angati kalasi yonse ikuwerenga. Pitani kumbuyo, mulozereni mwana mmodzi "mu" musanadutse pa "ma me mi mo", mumve chete wake.

Pamene pamaterera ndi pa malembo ophatikizana. Pala ndi phala, kama ndi khama, kwa mwana wa zaka 6 zikuoneka zofanana. Ndimawauza aike chikhatho pafupi ndi pakamwa. Pa phala kamphepo kamawomba dzanja, pa pala sikawomba, ndiye h uja wapeza ntchito. Kankhodolero ka mu ng'oma nakonso si kokongoletsa, chifukwa kakachoka, yoimbira gule ija yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire. Nkhwangwa ndi ntchentche zidikire kaye. Za l ndi r ndiye khutu silithandiza, poti ife timazitchula pafupifupi mofanana. Pamenepo n'kungophunzitsa lamulo loti r amatsatira i kapena e, monga mu kulira ndi kulera.

Malembo amaphunzitsidwa motsatana, lina kutsamira pa linzake. Mwana amene wajomba mu Januwale ndi Febuluwale, kaya ndi njala, kaya mtsinje wadzaza, kaya akulera mng'ono wake makolo ali ku fodya, amabwerera anzake atadutsa malembo angapo, ndipo palibe amene amawabwereza chifukwa cha iye yekha. Ambiri obwereza kalasi amatayikira pamenepa.

Mayi wina ku Nathenje anandidandaulira kuti sangathandize mwana wake poti iyeyo sanapite kusukulu. Ndinamuuza kuti mbali ya khutu siifuna pensulo. Potong'ola chimanga madzulo amufunse mwanayo kuti m'nyumbamo muli zinthu ziti zoyamba ndi sss. Sopo, supuni, sefa. Akatchula tsache, asamukalipire, koma atchule naye pang'onopang'ono mpaka amve t amene wabisala kutsogoloko.