"Ndibwezereni Yakale Ija": Foni Ikalandira Update ku Bindura

Ku Bindura, makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, munthu wa mumgodi amadziwa kuti chikepe chimene chamutsitsa m'mawa ndi chomwecho chimene chimukweze madzulo. Mwina n'chifukwa chake anthu akuno amachita nkhope yodabwa akauzidwa kuti foni imene yalandira update usiku wathawu singabwererenso mmene inalili dzulo.

Nkhaniyi imayamba mofanana pafupifupi nthawi zonse. Pafoni pamabwera kauthenga koti pulogalamu yatsopano yafika. Mwini foni amakanyalanyaza kwa milungu ingapo poopa kutha kwa bandulo, mpaka tsiku lina atapeza Wi-Fi yaulere n'kudina. Kukacha, batire likutha dzuwa lisanafike paliwombo, foni ikutentha ngati mbatata yootcha, ndipo tizithunzi ta pagalasi tasamuka malo. Ulendo wa kwa wokonza mafoni umayambira pamenepo. Kaya m'Chishona kaya m'Chichewa cha kukomboni ya mgodi wa Trojan, pempho limakhala limodzi: "Achimwene, ndibwezereni yakale ija."

Chingwe cha kumudzi

Chichewa si chachilendo m'derali. Agogo a anthu ambiri akuno anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena pansi wapansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira ntchito m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe ndi m'migodi. Mgodi wa nickel wa Trojan, umene unakula m'zaka za m'ma 1960, ndi migodi ya golide ya Shamva ndi Freda Rebecca yadyetsa mabanja ambiri a machona. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amavinidwabe m'makomboni, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Kalata ya ku Dedza kapena ku Mangochi inkayenda milungu. Lero uthenga wa maliro, chithunzi cha chidzukulu ndi mawu ojambulidwa a azakhali zimafika pa WhatsApp nthawi yomweyo. Ndalama zimayenda pa EcoCash, imene Econet inayambitsa mu 2011, ndipo zopita kumudzi zimadzera pa Mukuru ndi ena otumiza ndalama kunja. Wokumba golide payekha, amene kuno amatchedwa makorokoza, amafunsira mtengo wa golide pa foni yomweyo.

Koma ndalama yogulira foni ina siipezeka wamba. Ntchito yokumba ku Trojan inaima mu 2023, ndipo mu 2024 boma linaika kampani ya Bindura Nickel Corporation, mwini mgodiwo, m'manja mwa woyang'anira wapadera. Pakhomo pamene malipiro akukayikitsa, Itel, Tecno kapena Samsung ya zaka zinayi imayenera kupirirabe. Update ikaifoola, banja lonse limamva.

Chimene chimasintha m'kati

Foni ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse: Android ya Google pa mafoni ambiri akuno, iOS pa iPhone. Mapulogalamu ena monga WhatsApp ndi Facebook amakhala ngati alendi m'nyumba imeneyi. Update yaing'ono imamata ming'alu imene akuba a pa intaneti angalowerepo. Update yaikulu, monga kuchoka pa Android 13 kupita pa 14, imagwetsa zipupa zina n'kumanga zatsopano, ndipo imasanjanso katundu yense wa mwini foni kuti agwirizane ndi mamangidwe atsopanowo.

Vuto loyamba lagona pamenepo. Pulogalamu yakale sidziwa kuwerenga katundu wosanjidwa mwatsopano. Choncho ngakhale pa foni imene imalola kubwerera, njira yake imadzera pa kufufuta zonse: zithunzi, manambala osungidwa m'foni, mauthenga, nyimbo. Pa iPhone pali msampha wina wakuti zinthu zimene munthu wasunga ku iCloud kapena pa kompyuta ali pa iOS yatsopano sizilola kutsitsidwira pa iOS yakale.

Mafoni ena a Android, kuyambira pa Android 7 ya 2016, ali ndi zipinda ziwiri za pulogalamu. Update imalembedwa m'chipinda chachiwiri, ndipo ikalephera kudzuka, foni imabwerera yokha ku choyamba. Koma chitetezo chimenechi n'cha update yolephera. Imene yadzuka bwinobwino koma mwini wake sakuikonda, ilibe batani lobwezera.

Khomo lotsekedwa dala

Makampani opanga mafoni sanaiwale kuika batanilo, anachita kulikana. Mu 2015 akatswiri anatulukira chibowo chotchedwa Stagefright, chimene chikanalola munthu kulowa m'foni ya Android pongotumiza uthenga wa kanema. Kuyambira pamenepo Google ndi Samsung anayamba kutulutsa zigamba za chitetezo mwezi ndi mwezi. Koma chigamba chilibe ntchito ngati wakuba angathe kubwezera foni ku pulogalamu yobowoka ija n'kulowera pomwepo. N'chifukwa chake Android 8, ya 2017, inabwera ndi njira yoletsa kubwerera. Foni imasunga nambala pamalo osafufutika, ndipo pulogalamu iliyonse ya nambala yotsikirapo imakanidwa.

Pa Samsung nambalayi imaoneka ndi maso. Pa mndandanda wa zilembo ndi manambala wosonyeza pulogalamu imene ili m'foni, chizindikiro chachisanu kuchokera kumapeto ndicho okonza amachitcha binary. Chikakwera kuchoka pa 4 kupita pa 5, pulogalamu ya 4 singalowenso, ngakhale wokonza akhale ndi luso lotani pa Odin, chida chimene amalembera pulogalamu m'mafoni a Samsung. Kubwerera kumatheka pokhapokha ngati pulogalamu yakaleyo ili ndi nambala yofanana ndi yatsopano.

Ena anaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2018 Xiaomi inaika chiletsochi pa Redmi Note 5 Pro, ndipo anthu amene anayesa kubwerera monga ankachitira kale anapeza foni yazima osadzukanso, yongofunika malo okonzera ovomerezeka ndi kampani. Mu Ogasiti 2022 Google inachenjeza poyera kuti Pixel 6, 6 Pro ndi 6a zikalandira Android 13 sizingabwerere ku Android 12 ya masiku onse.

Apple imatseka khomo mwa njira ina. iPhone iliyonse ikamaikidwa pulogalamu imapempha chilolezo ku makompyuta a Apple, ndipo kampaniyo imasiya kuvomereza iOS yakale patangopita masiku ochepa, kawirikawiri mlungu umodzi kapena iwiri, yatsopano itatuluka. Wogula iPhone yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg, amene amalandira update miyezi itapita, amapeza kale khomolo lili lokhoma.

Patebulo la wokonza

Mafoni otsika mtengo ndiwo amapereka mpata pang'ono. Ambiri a Itel, Tecno ndi Infinix, onse a kampani ya Transsion ya ku China, amayendera timakina ta MediaTek kapena Unisoc. Wokonza amatsitsa pulogalamu ya foniyo pa laputopu, kulumikiza chingwe cha USB, n'kuilemba m'foni ndi chida monga SP Flash Tool. Uku ndiye kufulasha kumene anthu amakutchula ngati mankhwala a nthenda iliyonse.

Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, koma ili ndi maenje ake. Mafoni awiri a dzina limodzi akhoza kukhala ndi galasi kapena kamera zosiyana m'kati, ndipo pulogalamu ya mnzake ikalowa, foni imadzuka ndi galasi loyera mbee kapena losamva chala. Mapulogalamu ambiri ofulashira amachokera pa intaneti kwa anthu osadziwika, ndipo palibe amene angalumbire kuti sanawonjezeremo kanthu. Magetsi a ZESA akathima pakati pa ntchito, laputopu ili ndi batire lakufa, foni ikhoza kutsala pakati, yosapita kutsogolo yosabwerera.

Dzenje lozama kwambiri ndi la IMEI, nambala ya manambala 15 imene foni imadziwika nayo pa netiweki; imaoneka munthu akaimba *#06#. Wokonza akasankha kufufuta zonse pa foni ya MediaTek asanasunge kachigawo kamene kamasunga nambalayi, foni imadzuka yokongola koma yosagwira Econet, NetOne kapena Telecel. Ndalama za EcoCash sizitayika, pakuti zili pa nambala ya SIM, osati m'foni, koma nambala yake yoimba ya *151# siingayende pa foni yopanda netiweki.

Kenaka pali loko wa Google. Kuyambira pa Android 5.1 ya 2015, foni ikafufutidwa mwa njira imeneyi imafunsa akaunti ya Gmail imene inalimo kale. Anaika zimenezi pofuna kukhaulitsa akuba. Koma amene amakodwa kawirikawiri ndi amayi amene akaunti anawatsegulira wogulitsa foni pa tsiku logula, pasiwedi n'kutsala m'mutu mwa wogulitsayo.

Odandaula sanama

Pali chizolowezi chowaseka anthu amene amati update yawaphera foni, ngati kuti ndi mantha a anthu osadziwa zamakono. Mbiri ikuwaikira kumbuyo. Mu Disembala 2017 Apple inavomereza kuti iOS 10.2.1 inkachepetsa dala liwiro la ma iPhone ena a batire lokalamba, pofuna kuti asamazime mwadzidzidzi. Chifukwacho chinali chomveka, koma eni mafoni sanauzidwe. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni pa nkhaniyi, ndipo ku America kampaniyo inavomera kulipira ndalama zofika mpaka madola 500 miliyoni kwa odandaula. Mu Januwale 2025 Google inatumiza update ku Pixel 4a imene inachepetsa mphamvu ya batire pa mafoni ena poopa kutentha kwambiri, n'kuchotsanso mapulogalamu akale a foniyo pamalo otsitsira.

M'nkhani ziwiri zonsezi gwero linali batire. Ku Bindura batire limakalamba msanga. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala, matchaja otchipa a pamsika, kutchajira pa sola yopanda chowongolera mphamvu ndi kuisiya foni kufika pa ziro nthawi ya kuthima kwa magetsi, zonsezi zimalidya pang'onopang'ono. Update imangofika ngati katundu womaliza pa bulu wotopa kale. Kubwezera pulogalamu yakale sikubweza batire la zaka zitatu zapitazo, pamene kusintha batire kumachiza mafoni ambiri amene eni ake anawaweruza kuti afa.

Zimene zimabwezeka

Pali kubwerera kwina kosafuna laputopu. Pa 22 Malichi 2021 mafoni a Android padziko lonse anayamba kutseka okha Gmail ndi mapulogalamu ena ambiri. Wolakwa sanali Android yonse, koma kachigawo kamodzi kotchedwa Android System WebView kamene kanalandira update yolakwika. Anthu anachira polowa mu Settings, kupeza kapulogalamuko pa Apps, n'kusankha Uninstall updates. Google inakonza vutolo pasanathe tsiku. Njira imeneyi imagwira pa mapulogalamu amene anabwera ndi foni, monga Chrome kapena Play Store, ndipo sikhudza zithunzi za munthu.

Kudikira nakonso n'kothandiza. Update yaikulu ikangolowa, foni imakhala ikusanja mapulogalamu mobisa kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi imeneyo imatentha ndi kudya batire. Ambiri amathamangira kofulasha chipwirikiticho chisanathe. Foni ya 32 GB yodzaza ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp imapepukanso ikangochotsedwa katundu wina. Zonse zikakanika, kuifufuta kudzera mu Settings n'kuyambanso pa pulogalamu yatsopano yomweyo kumachotsa zotsalira zakale popanda kuika IMEI pachiswe.

Kukakamira zakale nako kuli ndi malire. Kuyambira Okutobala 2023 WhatsApp sigwira pa Android yotsika kuposa 5.0, ndipo mu 2025 inasiya ma iPhone osafika pa iOS 15.1. Mapulogalamu a mabanki nawo amakonda kukana foni imene loko wake wa m'kati watsegulidwa pofuna kufulasha. Pa Samsung, kuika pulogalamu yosachokera ku kampani kumawotcha kachizindikiro ka Knox kamene sikabwezeka, ndipo Secure Folder, malo obisiramo zinthu m'foni, imasiya kugwira mpaka kalekale.

N'chifukwa chake wokonza wodziwa ntchito yake salumikiza chingwe msanga. Amayamba waona nambala ya binary, n'kulemba IMEI papepala. Kenaka amafunsa ngati mauthenga a WhatsApp anasungidwa ku Google Drive, kumene munthu aliyense ali ndi 15 GB yaulere, komanso ngati zithunzi zasamutsidwira pa memory card. Funso lomaliza ndi limene limatenga nthawi yaitali: "Amayi, pasiwedi ya Gmail mukuikumbuka?" Yankho likachedwa, foni imabwerera m'chikwama osafulashidwa, mawu a azakhali a ku Dedza adakali momwemo, ndipo mdzukulu amatumidwa kunyumba kukafunafuna bokosi limene foniyo inabweramo, mwina wogulitsa analembapo kanthu.