Sinthani mola za njinga molingana ndi kulemera kwanu

Njinga yamoto ya matayala atatu, monga txopela, ili ndi mola pafupi ndi matayala. Mola ndi citsulo copota cimene cimafinyika tayala likalowa m'dzenje. Palinso amortecedor, imene imaletsa njinga kudumphadumpha.

Anthufe sitilemera mofanana. Munthu wa makilo 55 ndi wa makilo 95 satsitsa njinga mofanana. Ikatsika kwambiri, pa dzenje mumamva zitsulo zikugundana kuti kho! Ikatsika pang'ono, imauma gwa, matayala sagwira bwino msewu, msana n'kumawawa.

Yambani mwayeza. Imikani njinga pamalo athyathyathya ndipo itanani mnzanu. Ikwezeni ndi jeke mpaka tayala lakumbuyo lisiye nthaka. Ikani cizindikiro pa thupi la njinga, pamwamba pa tayalalo, ndi kuyeza kucokera pakati pa tayala kufika pa cizindikiro. Lembani nambalayo. Tsono tsitsani njinga, khalanipo ndi katundu amene mumanyamula masiku onse, mnzanuyo ayezenso.

Cotserani nambala yaciwiri pa yoyamba. Yankho likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala limatha kukwera ndi kutsika. Mtundawo muufune m'buku la njinga. Ngati ndi masentimita 9, njinga itsike masentimita atatu.

Tsopano yang'anani kumapeto kwa mola. Njinga zina zili ndi mphete ya masitepe, nthawi zambiri asanu, yozunguzidwa ndi sipanala yangowe. Ngati njinga yatsika kwambiri, ikwezeninso ndi jeke, muzunguze mphete kuti ifinye mola. Ngati yatsika pang'ono, masulani. Sunthani sitepe imodzi yokha, kenaka yezaninso.

Apa musaiwale: kumanja ndi kumanzere, mphete zikhale pa sitepe yofanana. Apo ayi, njinga imapendekeka, ndipo pokhota itha kugudubuka.

Ngati yanu ilibe mphete, kapena ili ndi mola za zitsulo zosanjikiza, musakakamize. Ikagwera mbali imodzi, kapena amortecedor ikamatuluka mafuta, pitani kwa makaniko.

Dziwaninso kuti kufinya mola sikuwonjezera mphamvu ya njinga. Makilo amene fakitale inalemba ndi omwewo. Thumba la cimanga la makilo 50 liwerengeni ngati munthu wina amene wakwera.