ULENDO WA PANSI KU NYIKA, KWAO KWA MITENGO YAKALE

Ife a ku Cigawo ca Kum'mawa tinazolowera mitengo imene imakula pamodzi ndi ife. Mango amene atate anabzala tikali ana ndiwo tiyesa akale. Koma kumpoto, pa mapiri a Nyika, kumene Zambia agundana ndi Malawi, kukali mitengo imene inali itaima kale Angoni asanaoloke Zambezi m'caka ca 1835. Banja kapena gulu la acinyamata lofuna kuiona liyenera kuyamba kukonzekera miyezi ingapo ulendo usanafike.

Nyika ndi thambwe lalikulu la udzu pamwamba pa mapiri, ndipo malo ambiri apitirira mamita 2,000 kucokera pa nyanja yamcere. Mbali yaikulu, makilomita oposa 3,000 m'litali ndi m'lifupi mwace, ili m'Malawi. Yathu ya Zambia ndi kacigawo ka makilomita pafupifupi 80 cabe, ndipo cinthu codabwitsa ncakuti mseu wabwino wofikira kumeneko udzera m'Malawi. Cotero wocokera ku Chipata apita ku Lundazi, aoloka malire, nafika ku Rumphi, ndi kulowa pa cipata ca Thazima. Pasipoti isatsale. Mau ocepa a Citumbuka athandizanso, pakuti eni dziko kumeneko ndi Atumbuka, ndipo moni wa m'cinenero cao atsegula makomo ambiri.

M'kacigawo kathuko muli nkhalango ya Chowo. Munthu acoka pa udzu woyera ndi dzuwa, ndipo atangoponda mapazi khumi apezeka mumdima wozizira wonunkha cinyezi. Mitengo yace ndi yaitali kotero kuti poona nsonga cipewa cigwa. Makungwa abvala ndele, zingwe za m'thengo zilendewera ku nthambi, ndipo anyani a mtundu wa ncima adumpha pamwamba osaoneka bwino. Mitengo yogwa yokha palibe woitola. Iola pomwepo ndi kudyetsa ina yaing'ono, ndipo ici ndico cisiyanitsa nkhalango yakale ndi munda wa mitengo ya paini wa ku Chelinda, umene azungu anabzala m'zaka za m'ma 1950. Paini ndi wokongola ndithu, koma pansi pace pali zii.

Kum'mwera cakum'mawa kwa Chelinda kuli kankhalango kena ka mtundu wa mkungudza, umene akatswiri aucha Juniperus procera. Mtengowu uculuka ku Kenya ndi ku Ethiopia, ndipo pa Nyika pali pafupi ndi malire ace a kum'mwera. Boma la atsamunda linaika kankhalangoka pa citetezo m'caka ca 1948. Ndi kakang'ono, munthu akazungulira m'kanthawi, koma ife tiganiza kuti tsiku lathunthu silicuruka kwa iko.

Njira yochuka ya oyenda pansi icokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni yace m'caka ca 1894. Ambiri aiyenda masiku atatu, kugona m'mahema usiku uwiri. Lamulo sililola kuyenda m'paki popanda mlonda wa nyama, ndipo lamuloli ndi labwino. Zitunda za Nyika zifanana ngati mazira, ndipo nkhungu ikatsika munthu saona ngakhale mnzace wa patsogolo. Mlondayo adziwa mitsinje ya madzi abwino ndi malo oyenera kugona. Za malipiro ace ndi za onyamula katundu mumvane musananyamuke, osati panjira. Paja safunsa anadya phula.

Nyengo yabwino ndi ya cilimwe, kuyambira May kufikira October. Koma owerenga athu asanyengeke ndi kutentha kwa ku Luangwa. M'miyezi ya June ndi July cisanu cigwa usiku pa Nyika mpaka udzu kuyera mbee, ndipo bulangeti limodzi silikwana. Jekete yolemera, cisoti ndi masokosi awiriawiri ziposa malaya okongola. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, cifukwa zatsopano zibala matuza tsiku loyamba lomwe.

Nkhani ya cakudya ifuna amai akhalepo pokambirana. Pamwamba pa phiri madzi awira asanatenthe kwenikweni monga acitira kwathu kuno, cotero nyemba zouma zitha maola osapsa. Kapenta, nsinjiro, mpunga, ufa, shuga ndi masamba a tiyi ndizo zipepuka ndi kupsa msanga. Cikwama ciyesedwe kunyumba: munthu acibereke, ayende naco mpaka ku msika ndi kubwerera. Akabwera akudandaula, acotsemo zina, pakuti pa citunda cacisanu katundu alemera kawiri. Gulu liyende pa liwiro la munthu wofooka koposa onse, ndipo wina wotsala kumudzi adziwe tsiku limene muyembekezeka kutuluka.

Cinthu coopsa koposa m'cikwama ndi bokosi la macisa. Nkhalango za Nyika ndi tizilumba tozingidwa ndi udzu, ndipo moto wa mwezi wa September, udzu utauma gwa, unyambita m'mphepete mwa nkhalango caka ndi caka, kupha timitengo tating'ono timene tikanalowa m'malo mwa yakaleyo. Mkungudza ndiwo uopa moto kopambana. Anzathu a ku Mulanje aona kale mapeto ace: mkungudza wa phiri lao, umene Malawi anausankha kukhala mtengo wa dziko, unatha ndi macheka ndi moto, kotero kuti kalembera wa 2017 anapeza mitengo yaikulu 7 cabe. Cifukwa cace pa Nyika moto usonkhedwe pokhapo pamene mlonda waloza, kutali ndi nkhalango, ndi nkhuni zakugwa zokha, ndipo m'mawa phulusa lithiridwe madzi mpaka dzanja likhoze kuligwira.